Makutu a Amayi Ali Pakamwa Panga

Loweruka, 6 Juni

Ndachita. Ndakabayitsa milomo.

Kachipinda ka kuseri kwa saluni, polowera pake kudutsa m'mbali mwa masinki otsukira tsitsi. Kabedi kokutidwa ndi pulasitiki, kafiriji, nyali yozungulira ija yojambulira zithunzi. Mwini ntchitoyo aliyense amangoti a Nesi. Satifiketi pakhoma sindinaione, komanso kunena mosabisa, maso anga sanaifunefune. Singano kumtunda, singano kumunsi, misozi chuchuchu. Mnzanga wakuntchito Wailesi atandigwira dzanja, pakamwa osapuma monga mwa dzina lake. Ndiye anandikokera kumeneko. Iye anabayitsa chaka chatha, yake inakhala ngati yobadwa nayo, ndipo kuntchito sitipuma nayo nkhani yake.

"Mawa itupa, mkuja iphwa, Lachiwiri muzikanika kuyenda mumsewu ndi amuna," anatero a Nesi pondipatsa kalilole.

Ndalama ndi zija ndimasungira foni. Idikire, yosweka galasiyi ikuyimbabe.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili ndi timilomo tonga tolemba ndi pensulo. Kusukulu ankanditi Kankhuku. Lero ndati kamodzi kokha ndichite chinthu cha ine mwini, chopanda phindu kwa wina aliyense. Komanso kudikira zakuchipatala za amayizi kwandisowetsa mtendere, ndimafuna china choganiza.

Kunyumba ndalowa nditavala masiki, n'kuloza pakhosi ngati ndagwidwa chimfine. Amayi ndi mawu awo okweza aja: "Chotsa chinsanzacho, ndikumva bwanji?"

Zoona, andimva bwanji. Makutu awo anagontha ine ndili ndi zaka khumi, ndipo chiyambire amamva ndi maso, pamilomo pangapa. Pa ine ndekha. Achimwene ndevu zinakwirira pakamwa, alamu amayankhula ngati akuthamangitsidwa. Zolemba amayi sadziwa, sukulu anangoinunkhiza. Chinenero chamanja sitinaphunzire, malemu bambo ankati n'chochititsa manyazi.

Lachisanu tikamva zotsatira za kachidutswa kamene madokotala anadula pa chotupa cha m'mimba mwawo. Womasulira ndine, monga kale. Lachisanu n'kutali, ikhala itaphwa.

Lamulungu, 7 Juni

Bakha. Palibenso mawu ena. Mlomo wakumtunda ukufuna kukhudza mphuno, wakumunsi walendewera. Tiyi ndamwera m'kachubu, theka wathera pa bulauzi.

Kutchalitchi sindinapite. Masiki siinandibise nthawi yaitali, amayi aikoka okha ndikutsuka mbale. Kenako maso kuchitseko, dzanja pa ndodo ya mopu: "Wakumenya ndani? Ali kuti?" Munthu wodwala, woonda chonchija, kufuna kukandimenyera nkhondo. Ndikanaseka, koma kuseka kukung'amba.

Ndawaonetsa ndi manja: jakisoni, apa. Ndawaonetsa chithunzi cha Wailesi pafoni. Achiyang'ana nthawi yaitali, ayang'ana ine. "Ndiye unachita kulipira? Ndi ndalama zako?" Ndavomera ndi mutu. Walira mvula walira matope. Iwo sananene, ndadzinenera ndekha.

Choipa chenicheni chabwera pambuyo. Andigwira chibwano, monga amachitira, n'kuti ndiyankhule. Ndati pepani amayi, iphwa mawa. "Bwereza." Ndabwereza pang'onopang'ono. "Bwerezanso." Milomo sikukumana n'komwe, ngakhale poitana amayi siikutseka. Andisiya chibwano. "Ndikungoona nyama ikugwedera."

Tsiku lonse m'nyumba zii, ngati takangana.

Lolemba, 8 Juni

Kuntchito, mu masiki. Makatani a ofesi ina ya maloya, mawindo aataliatali, wopinda m'munsi onsewo ine. Chizolowezi sichifunsa: ndatsitsa masiki, ndaika mapini pamilomo monga mwa masiku onse, onse mbwee pansi. Imodzi yandibaya osamva kanthu, ndangodziwira magazi pa nsalu yoyera ya kasitomala. Madamu, abwana athu, aona. "Kodi ukufuna akuone ndani, amene sanakuone zaka zonsezi?" Atsikana osoka kuseka mpaka kuimitsa makina. Nsaluyo akuti aichotsera pa malipiro anga.

Kumunsi dzanzi, koma kumtunda chakumanzere moto. Osati ululu wa kutupa ayi, wina, wolasa mpaka m'mphuno. M'mawa panali poyera ngati pawazidwa ufa, pofika masana pada, mizeremizere kukwera cha kumphuno.

Ndawatumizira chithunzi a Nesi. Yankho lake: "Ndi mmene zimakhalira, ikani ayisi, musamaganize kwambiri." Wailesi naye: "Asisi limbani mtima, kukongola sikufuna amantha." Yake inangotupa pang'ono n'kuphwa, akutero, koma poyang'ana yangayi maso wathawitsa.

Amayi chakudya angolawa. Ndimafuna kufunsa ngati m'mimba mukupweteka. Ndaloza pamimba pawo, ndakwinya nkhope. Iwo aloza pakamwa panga, akwinya nkhope. Tathera pomwepo.

Lachiwiri, 9 Juni

Tsiku la amuna lija. Ndadzuka ndi timatuza pamalo pakudapo, tina tikutuluka madzi. Foni ya a Nesi yozima. Kusaluni akuti chipindacho amachita lendi Loweruka lokha, kumene amakhala sakudziwako, ndipo kodi sindikufuna kulukitsa tsitsi? Ndasuzumira. Kabedi kali pomwepo, kafiriji kaja palibe.

Wailesi wandiperekeza ku kiliniki ya khungu, lero ali duu ngati mabatire atha. Adokotala ake aakazi, aang'ono kwa ine. Sanandikalipire, bola akanatero. Ati mankhwala okulitsa aja analowa mu mtsempha wa magazi n'kuutseka, ndiye khungu la pamenepo likufa ndi njala. Ndikanachedwanso pang'ono, mbali ya mlomo ikanawola. Ayisi uja amangowonjezera vuto. Andibaya jakisoni wosungunula, kambirimbiri, ndipo mawa ndipitenso. Mapiritsi, mafuta opaka, malangizo mbwee. Zolipira ndatapa pa za lendi, lendiyo ndiona ikafika.

Ndafunsa funso langa limodzi: ndiyankhula bwino liti? Ati mawu anu akumveka kale. Ndati ayi adokotala, osati kumveka, kuoneka. Ndawafotokozera za amayi. Asiya kulemba. "Masabata awiri, mwina atatu. Iyamba yatupanso isanaphwe."

Lachisanu ndi mtondo.

Lachitatu, 10 Juni

Jakisoni wachiwiri. Magazi ayamba kuyenda, kuda kukuchepa, akutero. Koma kutupa ndiye kwachita kunyanya.

Madzulo ano ndi a sewero la amayi la pa TV. Nthawi zonse ndimakhala pa kampando pafupi ndi TV, nkhope kwa iwo, n'kumabwereza zimene osewerawo akunena. Diso lina pa ine, lina pa TV. Amatukwana wankhanza uja, amaseka mochedwa pang'ono, ine n'kumawonjezera zanga zimene osewerawo sananene. Ndinkadandaula nazo, kuti mbeta zinzanga zili kokayenda ine ndili apa kulira m'malo mwa mkazi wa pa TV.

Lero ayatsa okha. Aonera anthu akutsegula pakamwa, akumenyetsa zitseko. Sanafike pakati, azimitsa. "Zilibe mchere."

Ndakhala pa kampando kaja m'nyumba muli chete. Ndi mmene iwo amakhalira ine ndikapita kuntchito. Sindinaganizirepo.

Lachinayi, 11 Juni

Tayesa njira zonse. Kujambula papepala: ndajambula mimba, amayi ati chimenechi ndi chikwama? Kuyankhula pa dzuwa, nkhope pafupi. Wailesi wabwera kudzayesa, kutafuna mawu mmodzimmodzi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Amayi amuyang'anitsitsa mwaulemu. "Mwanayu pakamwa pake n'pokongola, koma sindikutolapo kanthu."

Ndawayimbira achimwene kuti mawa abwere. Ndimafuna ndisawauze chifukwa, koma amva okha mayankhulidwe. Mpweya wautali pafoni. "Iwe ntchito yako m'banja muno ndi imodzi yokha, pakamwa. Ndiye wakawononga pomwepo?" Ntchito imodzi yokha. Kusambitsa, kuchapa, kuperekeza kuchipatala, kukalambira panyumba iwo akumanga yawo, zonsezo si ntchito. Mtima wapsa, koma ndiyankha chiyani, wolakwa ndine.

Chikundidya n'chimene amayi anandiuza tsiku lodula kachidutswa lija, pabenchi yachipatala. Nthawi imene makutu amagontha, madokotala ankayankhula ndi bambo, iwo atangokhala ngati katundu. Anadziwa patapita zaka kuti chinawagonthetsa ndi mankhwala amene anawabaya atadwala matenda ena aakulu. Bambo anachenjezedwa kuti zikhoza kutero, n'kuvomera okha. "Mwina nanenso ndikanavomera," anatero amayi. "Koma akanandifunsa. Ulendo uno chilichonse anene, undiuze mmene anenera." Ndinalonjeza, ndi milomo yabwinobwino.

Diresi la mawa asita okha.

Lachisanu, 12 Juni

Khansa. Yafika kale ku chiwindi.

Zina mawa.

Loweruka, 13 Juni

Ndilembe, mwina mutu upepukako.

Kachipinda kopapatiza, mipando iwiri, achimwene ataimirira kumbuyo. Adokotala a amayi, bambo wachikulire wodekha, anayankhula akuyang'ana amayi, zikomo kwa iwo. Opaleshoni siingathandize. Njira zilipo ziwiri. Mankhwala amphamvu a m'diripi, amene angawonjezere miyezi ingapo, koma ndi kusanza, kufooka, kugonagona kuchipatala. Kapena kubwerera kunyumba ndi mankhwala oletsa ululu, masiku otsalawo akhale awoawo. Anati wosankha ndi mwini thupi, tikabwerenso pa 26 ndi yankho lake.

Nthawi yonseyi amayi maso pa ine. Ndinatsitsa masiki. Nkhanambo, kutupa, mafuta, dovu. Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Kenako chibwano chinayamba kunjenjemera, kachotsalako n'kuwonongekeratu. "Sindikumva, mwanawe. Sindikumva." Mokweza, mpaka a pabenchi panja anamva.

Ndiye achimwene anadutsa kutsogolo, n'kugwada, n'kumwetulira m'ndevu zawo zija, chala chachikulu m'mwamba. Anaonetsa ndi manja: mapiritsi, kumwa, kugona, basi. Adokotala anati si zimene ndanena. Achimwene anati tikawafotokozera bwino kunyumba. Amayi anayang'ana chalacho, anayang'ana ine. Ine ndinakweza masiki.

Ndinakweza masiki. Ndalemba kawiri dala.

Pobwerera amayi anakhala kutsogolo m'galimoto, achimwene n'kumayankhula nane pagalasi loonera kumbuyo ngati tili awiri okha. "Mwina milomo yakoyo ndi Mulungu wachita. Munthu ukamuuza amafa tsiku lomwelo. Pa 26 tikanena kuti avomera diripi." Amayi anati tiime agule nthochi, njala yawabwerera.

Lolemba, 15 Juni

Dzulo alamu anabwera ndi zipatso, thumba lodzaza ngati m'nyumba muno mulibe msika. Kukumbatira amayi, kuwasisita phewa, kuwakuwira m'khutu ngati kukuwa kunathandizapo. Amayi kungomwetulira.

Kenako atembenukira kwa ine, chikhatho pakamwa: "Ndiye akuti miyezi ingati?" Amayi ali pomwepo, akusenda lalanje. M'nyumba muno muli lamulo limodzi chiyambire ndili mwana: palibe kubisa pakamwa, palibe kuyankhula utafulatira. Ngakhale bambo ndi ukali wawo wonse ankalitsata. Ndimafuna kuchotsa chikhathocho ndi mbama. Ndiye ndakumbuka chimene ndavala kumaso ineyo. Nyani saona nkhongo yake, amatero. Ndayankha m'masiki, kuti sindikudziwa.

Atapita, amayi anasonkhanitsa makoko. "Alamu ako lero andikonda kwambiri." Basi, n'kupita kukagona.

Lachitatu, 17 Juni

Amayi asanduka nesi wanga, weniweni. M'mawa ndi madzulo: kansalu kofunda, mafuta aja a kukiliniki, chala chawo chopepuka. Mapiritsi anga okumbutsa ndi iwo, awo ndine. Akatha kupaka amandigwira chibwano, kutembenuzira uku ndi uku ngati akusankha tomato pamsika. "Ikuphwa." Dzulo anati, "Ikuchedwa."

Akuoneka osangalala, ndicho chikundipha. Mankhwala oletsa ululu akugwira. Akuyimba kukhitchini, nyimbo zawo zija zopanda tchuni. Atulutsa ulusi, akuti alukira mdzukulu juzi, yokulirapo kuti adzavalebe chaka chamawa. Ndathawira kubafa, ndatsegula mpopi kuti ndilire. Zopusa, ngati akanandimva.

Chimene ndinganene muno mokha: mbali ina ya mtima wanga ikuthokoza nkhanamboyi. Ikakhalapo ndilibe mlandu. Sindikunama, sindikubisa, ndikungolephera. Ndikapeza m'mawa kutupa kwachepa, mtima umagwa m'malo mokondwa. Munthu wanji ine.

Kuntchito Madamu andichotsa kutsogolo, ndikusita makatani kuseri, makasitomala angathawe. Mapini ndikubaya pa kansalu ka pamkono. Manja sakufulumira.

Loweruka, 20 Juni

Nkhanambo yagwa ndikusamba. Pansi pake khungu lofiira latsopano, ndi kamzere kolowa mkati chakumanzere. Chipseracho n'changa mpaka kalekale, atero akukiliniki, koma mlomo wapulumuka. Timilomo tanga tija tabwerera, tokhota pang'ono. Kankhuku wachipsera. Ndalama zinapita, foni ikadali yosweka.

Ndatseka chitseko cha kubafa, ndaima pakalilole, ndayesa mopanda mawu. Amayi. Ikutseka. Pepani. Ikutseka. Khansa. Chiwindi. Zikuoneka bwinobwino. Ndavala masiki ndisanatuluke.

Achimwene ayimba madzulo. Ati ndipirire nayo masikiyo mpaka Lachisanu, diripi ikangoyamba zinazo tizikaona kutsogolo. Ndati nanga akadzayamba kusanza, tsitsi kuthothoka, tidzati ndi mapiritsi a chiyani? Kenako mawu ena, amene sindinawamveponso chimwalirireni bambo. "Sindikufuna asankhe zobwerera kunyumba. Ukuwadziwa amayi, asankha zimenezo." Alira, achimwene anga andevu. Ndawamvetsa, ndipo bola pamene ndimangowakwiyira.

Chifukwa nanenso ndikudziwa chimene angasankhe. Nanenso ndikuifuna miyezi imeneyo, ngakhale yosanza.

Lolemba, 22 Juni

Ndanama ndi manja. Loweruka ndi dzulo ndinawazemba, koma lero amayi abwera ndi kansalu kawo m'mawa, ine ndaloza masiki, ndayerekezera dokotala akumvera pachifuwa, ndatambasula zala: akuti masiku ena. Ndaonetsa kuti ndizipaka ndekha. Aima ndi kansaluko m'manja mpaka kazizira.

Kuyambira Loweruka ndikudyera kuchipinda ngati mlendo wamanyazi.

Pa nkhomaliro ndamuuza Wailesi zonse, sindikudziwa chifukwa chake iyeyo. Wadziimba mlandu kaye mpaka kulira, ine womutonthoza. Kenako: "Asisi, ine mayi anga sindingawauze, ndingayambe kufa ndine." Chithandizo chake n'chimenecho.

Juzi ija amayi akuiluka mothamanga ngati pali wowakalipira. Thupi latha, kwatsala dzanja limodzi. Nyimbo asiya.

Madzulo ndimamwa tiyi kukhitchini, masiki itatsikira pachibwano, kapu pamlomo, kuuzira kuti azizire. Potembenuka, amayi pakhomo. Iwo amene amamveka ali kutali ndi masilipasi awo okoka, lero opanda nsapato. Ayang'ana kapu, ayang'ana ine, abwerera.

Lachiwiri, 23 Juni

Mamasiki onse ali m'beseni, m'madzi a sopo. Ya m'chikwama, ya kuseri kwa chitseko, ngakhale imene ndinaika pansi pa pilo. Zapepala zomwe, zasanduka phala. Ndadzuka ndapeza zili choncho.

Mipando iwiri amayi aikokera pawindo la pabalaza, moyang'anizana, katani atsegula mpaka kumapeto kuti kuwale. Asamba, apesa, avala diresi lakutchalitchi.

Ndayesa kuzemba. Chala pa wotchi, kuti ndikuchedwa kuntchito, chikhatho china pakamwa. Achichotsa, mosakalipa. Andigwira chibwano, ayang'ana nthawi yaitali, chala pa chipsera.

"Yapola. Chala cha mchimwene wako ndinachiona. Nkhope ya dokotala ndinaionanso, ndi yako yomwe. Sindinafunse wina aliyense, ndimadikira iwe." Kenako: "Pita ukasukusule, ubwere."

Ndathawira kuchipinda kuno, ati ndikusukusula. Foni ikulira, achimwene, ngati anunkhiza. Ndaigoneka chafufumimba. Madamu nawo adikire.

Ndiyambira pamene anayambira adokotala. Njira zonse ziwiri, mmene anazinenera, osakometsera imene ndikufuna ine. Ndikupempha chimodzi chokha, chibwano chisanjenjemere, chifukwa mawu amenewa ndilibe mphamvu zowanena kawi

Akuitana.